Mmene ndimaphunzitsira ana aang'ono tanthauzo la Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste

Chaka china mu Disembala, titangomaliza kuwerenga nkhani ya kubadwa kwa Yesu, ndinagawira ana anga a Sande Sukulu mapepala ndi makrayoni kuti ajambule zimene amva. Kamnyamata kena ka zaka 5 kanandibweretsera chithunzi cha azibambo atatu ovala majekete akuda ndi kolala yoyera pakhosi, ataima pa udzu, mngelo ali pamwamba pawo. Nditafunsa kuti awa ndani, kanayankha mosakayika: "Aphunzitsi, ndi abusa aja munati mngelo anawapeza usiku." Mwanayo sanalakwe. Anabadwira ku Zingwangwa, nkhosa sanaionepo, ndipo abusa amene iye amawadziwa ndi omwe amaima kugome Lamulungu. Ine ndinawerenga Luka 2 mawu onse osadumpha, koma sindinaime kuti ndione chimene chikulowa m'mutu mwa mwanayo.

Ndine mayi wa Mvano, ndimakhala m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo ndaphunzitsa ana a zaka 3 mpaka 8 kwa zaka 17 tsopano. Kunyumba ndikulera adzukulu awiri, mtsikana ndi mnyamata. Zimene ndikulembazi ndi za inu makolo makamaka. Ife aphunzitsi mwana timakhala naye ola limodzi pa sabata, masiku ena onsewo ali m'manja mwanu. Alamu anga ndi Akatolika, amaphunzitsa Tilitonse, gulu la ana la mpingo wawo, ku Chilomoni, ndipo zina mwa izi ndinatengera kwa iwo.

Musadikire tsiku lenilenilo. Pa 25 Disembala mwana sangakumvereni. Mtima wake uli pa malaya atsopano, pa nkhuku yomwe yamangidwa mwendo kuseri kwa nyumba, pa Fanta, ndi pa anzake amene ayamba kale kuyenda khomo ndi khomo kupempha Khirisimasi bokosi. Inunso muli pa mbaula, thukuta lili kamukamu, mpunga usapserere. Nkhani ya Yesu ikabwera nthawi imeneyo imakhala ngati mlendo wofika anthu akusamba m'manja atadya kale. Mpingo unaika nyengo ya Adiventi pa chifukwa chimenechi: ma Lamulungu anayi Khirisimasi isanafike, kuyambira kumapeto kwa Novembala kapena masiku oyambirira a Disembala. Masabata amenewo ndi anu.

Ine ndimagula makandulo anayi wamba, a pagolosale, n'kuwaimika pa mbale yachitsulo. Sabata yoyamba timayatsa imodzi, yachiwiri ziwiri, mpaka onse anayi atayaka. Timachita izi tikangomaliza kudya nsima yamadzulo, mbale zisanachoke, ndipo sizipitirira mphindi 5. Magetsi akazima ndiye zimakoma kwambiri, chifukwa mwana amaona yekha mmene kamoto kamodzi kakuthamangitsira mdima pabalaza ponse. Pamenepo simufunika kulalikira. Ingonenani kuti Yesu anati Iye ndi kuunika kwa dziko lapansi, basi. Kandulo aziyatsa wamkulu, koma kuzimitsa musiyireni mwana, ndipo mudzaona kuti mawa ndiye adzakukumbutseni.

Nkhaniyo muidule zidutswazidutswa. Lero mngelo Gabrieli kwa Mariya, mawa Yosefe, mkucha ulendo. Ikafika pokoma, lekezani pomwepo munene kuti mawa tidzamva. Pali chinthu chimodzi chimene ndinasiya kuchita, ndipo ndikupemphani nanunso musachite: musayambe ndi "Padangokhala" kuti ana ayankhe "Tilitonse". Ndikudziwa kuti ana amatchera khutu msanga akamva mawu amenewa. Koma mwana amadziwa kuti zoyamba choncho ndi za Kalulu ndi Fisi, ndipo Yesu adzamuika m'thumba lomwelo. Ine ndimayamba ndi kuti, "Izi zinachitikadi, m'mudzi wina dzina lake Nazarete, womwe ulipo mpaka lero." Kuyimba ndi kuvomerezana chitani monga mwa nthano, koma chiyambi chikhale chosiyana.

Mawu aliwonse amene mwana wa m'tauni sanaone chinthu chake, imani muwamasulire ndi chimene akuchidziwa. Luka akuti Kaisara Augusto analamula kalembera, aliyense akalembetse kwawo. Inu makolo mukukumbukira kalembera wa 2018, pamene olemba anthu ankabwera okha pakhomo. Muuzeni mwana kuti nthawi ya Yosefe sizinali choncho, munthu ankayenda yekha kupita kumudzi kwa makolo ake. Kuchoka ku Nazarete kukafika ku Betelehemu ndi mtunda wonga kuchoka ku Blantyre kupita ku Zomba n'kubwerako, popanda minibasi, Mariya ali woyembekezera wotopa. Mdzukulu wanga wamkazi atamva izi anafunsa kuti, "Agogo, nanga miyendo yawo sinatupe?" Anakumbukira mayi ake aang'ono mmene ankayendera ali ndi pakati. Nditamva funso limenelo ndinadziwa kuti Mariya wasanduka munthu weniweni m'mutu mwake.

Sewero limene ana amalikonda ndi la kugogoda. Awiri akhale Yosefe ndi Mariya, ena aime kuseri kwa zitseko za m'nyumba mwanu momwemo. Akati "Odi!", wam'katiyo ayankhe kuti, "Malo kulibe." Ana athu amaleredwa kuti odi amayankhidwa ndi lowani, ndiye kukaniza mlendo kumawavuta. Ndinaonapo kamtsikana kena kakutsegula chitseko, kakuti, "Bwerani mugone pamphasa panga," kukana kutsatira sewero. Sindinakaletse. Tinakhala pansi n'kukambirana kuti lero Yesu amagogoda kudzera mwa ndani.

Mawu akuti modyera ng'ombe nawonso ndi ongomveka m'nyimbo. Ngati pafupi pali woweta nkhuku kapena mbuzi, pemphani mulowe ndi mwana m'kholamo, amve fungo lake, aone chimene ziwetozo zimadyeramo. Mufunseni ngati angagoneke mng'ono wake wakhanda pamenepo. Mukabwerera kunyumba tengani katoni ya sopo, muikemo udzu wouma, muiike pafupi ndi makandulo aja, koma ikhale yopanda kanthu masiku onsewo. Mwana adzafunsa tsiku ndi tsiku kuti mwanayo ali kuti, inu muziti sanabadwe, tikudikira. Usiku wa pa 24, ana atagona, kulungani chidole m'kansalu kachitenje n'kuchigoneka m'katonimo. Mmawa asanavale zatsopano zija, asanamwe ndi tiyi yemwe, apite akaone. Izi ndinatengera kwa alamu anga, chifukwa kwawoko khola la m'tchalitchi limakhala lopanda khanda mpaka usiku wa Khirisimasi.

Za abusa zija, tsopano ndimati anyamata oweta ziweto, ngati amene timawaona kumudzi akutsatira mbuzi, onunkha utsi, ogona panja. Amenewo ndi amene Mulungu anayamba kuwauza, asanauze mfumu kapena wansembe. Ana a m'mabanja ovutika amaimva bwino mfundo imeneyi.

Muziwauza zoona, ngakhale pa tinthu tating'ono. Mateyu 2 sakunena kuti anzeru a kum'mawa anali atatu, kapena kuti anali mafumu. Zitatu ndi mphatso: golide, lubani ndi mure. Ndipo akuti anapeza mwanayo m'nyumba, osati m'khola. Baibulo silitchulanso tsiku limene Yesu anabadwa. Tsiku la 25 Disembala linasankhidwa ndi mpingo, ndipo ku Roma ankalikumbukira kale m'zaka za m'ma 300. Ndikunena izi chifukwa kusukulu mwana wanu ali ndi anzake a mipingo imene sikumbukira Khirisimasi, ndipo tsiku lina adzamuuza kuti Yesu sanabadwe pa 25. Ngati anamva kale kwa inu, adzayankha modekha kuti inde, tsiku silidziwika, koma ife tinasankha limeneli kuti tikondwerere kubadwa kwake. Ngati sanamve, adzayamba kukayikira ndi zina zonse zimene munamuuza. Muuzeninso kuti anzakewo asawanyoze.

Father Christmas amene ana amamuona m'masitolo a ku Chichiri, atavala zofiira zokhuthala mkati mwa kutentha kwa Disembala, sindilimbana naye. Akuluakulu pang'ono ndimawauza kuti kunali bishopu wina dzina lake Nicholas, wa ku Myra m'dziko limene lero ndi Turkey, amene ankadziwika ndi kuthandiza osauka mobisa, ndipo nkhani ya mphatso inachokera kumeneko. Zikatero timabwerera kwa Yesu. Za Herode kupha ana a ku Betelehemu sindiuza ana osakwana zaka 7. Ndimangoti mfumu inafuna kumuchita choipa, ndipo Yosefe anathawitsira banja lake ku Igupto, kuno ku Africa. Yesu analeredwapo monga othawa kwawo amene ali ku Dzaleka ku Dowa.

Mpunga wa nkhuku musauchotse. Ndamvapo alaliki ena akudzudzula zakudya ndi zovala ngati kuti chimwemwe ndi tchimo. Mngelo anati wabweretsa uthenga wa chimwemwe chachikulu, ndipo mwana wa zaka 4 chimwemwe amachimvera pakamwa. Chimene ndimachita ndi ichi: pogawa, mbale yoyamba si ya bambo, si ya mwana. Ndi ya munthu wina amene ana asankha okha masiku a Adiventi, kaya agogo okhala okha kuseri kwathu, kaya mlonda wa pageti ina amene Khirisimasi imamupeza pantchito. Mbaleyo anyamule mwana yekha, aigwire ndi manja awiri, inu muzingomutsatira pambuyo. Musaikemo mapazi ndi khosi ayi, muikemo ntchafu.

Ndili ndi pempho kwa amayi anzanga. Chaka chilichonse pa Khirisimasi ana ena a m'kalasi mwanga sabwera, ndipo ndikawafunsa Lamulungu lotsatira amati analibe zovala zatsopano. Zimandipweteka mtima. Ngati ndalama yavuta, poti Januwale wa fizi ali pakhomo, chapani zomwe zilipozo, sitani bwino, mubwere naye mwanayo. Amene tikumukumbukirayo anakulungidwa m'nsalu n'kugonekedwa m'khola. Ndipo ngati mwakwanitsa kukasankha kaunjika ku Limbe, muuzeni mwana wanu asanatuluke kuti asaseke mnzake amene wavala zakale.

Pentekoste ndiinene pano mwachidule, chifukwa Pasaka ndiye afuna malo ambiri. Imabwera masiku 50 pambuyo pa Pasaka, mu Meyi kapena Juni, patapita masiku 10 kuchokera pa tsiku la Kukwera Kumwamba. Ana ambiri saidziwa n'komwe poti ilibe mpunga kapena tchuthi. Kwa ife a ku Blantyre imafika nthawi yabwino, kuzizira kutayamba ndipo chiperoni chili pafupi. Tulukani ndi mwana pamene zovala zili pachingwe, mumufunse chimene chikuzigwedeza. Akati mphepo, muuzeni akuonetseni mphepoyo. Machitidwe 2 akuti Mzimu Woyera anadza ndi mkokomo ngati wa mphepo yamphamvu ndi malilime onga a moto, ndipo anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana aliyense anamva uthenga m'chilankhulo chake. Mutumeni mwana kwa aneba akafunse mmene amanenera zikomo kwawo. Adzabwera ndi "yewo" wa Atumbuka, "takhuta" wa Asena, "sikomo" wa Ayao, ndipo madzulo muthokoze Mulungu ndi mawu onsewo. Ana okulirapo ndimapita nawo ku Blantyre Mission, yomwe inayamba mu 1876, akaone tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Ndimawagwiritsa Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, n'kuwauza kuti uthenga umene unayamba kumveka m'zilankhulo zambiri ku Yerusalemu unafika mpaka m'chilankhulo chathu.

Pasaka ndi wovuta chifukwa muli imfa, ndipo ife mwambo wathu ana timawabisira imfa. Timawauza kuti agogo apita kutali. Komabe chikhristu chonse chaima pa sabata imeneyi, ndiye sitingailambalale.

Mwana akafunsa chifukwa chake Pasaka alibe tsiku lokhazikika ngati Khirisimasi, yankho lili kumwamba. Amakhala Lamulungu loyamba mwezi ukaoneka wathunthu kuyambira pa 21 Malichi, n'chifukwa chake amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. M'sabata yoyera tulukani naye usiku, ngati kulibe mitambo, aone mwezi uli mbee pamwamba pa Soche kapena Ndirande. Muuzeni kuti usiku umene Yesu ankapemphera m'munda wa Getsemane unalinso nyengo ya mwezi wathunthu, chifukwa Paska wa Ayuda amachitika mwezi uli choncho. Za Lenti, ife a CCAP sitipaka phulusa, koma mwana adzaona anzake Achikatolika kapena a Anglican ali ndi mtanda wakuda pachipumi Lachitatu la Phulusa. Muuzeni kuti akuyamba masiku 40 okonzekera Pasaka, monga Yesu anakhala masiku 40 m'chipululu, ndipo phulusalo limachokera ku kanjedza wa chaka chatha.

Lamulungu la Kanjedza linandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiwerengepo m'buku lililonse. Ndinkafotokoza kuti Yesu akulowa mu Yerusalemu atakwera bulu, anthu anadula nthambi n'kuziyala mumsewu. Mtsikana wina wa zaka 6 anakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndiye kuti kunali maliro?" Kwathu kuno masamba akayalidwa pamsewu, aliyense amadziwa kuti kutsogoloku kwagwa zovuta. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro. Ndinakhala chete kaye. Kenako ndinamuuza kuti tsiku limenelo anthuwo ankakondwera, ankalandira mfumu, koma patangopita masiku asanu maliro anachitikadi, ndipo Yesu yekha ndi amene ankadziwa. Kuyambira pamenepo ndimafunsa ndekha ana funso limeneli chaka chilichonse: masamba pamsewu amatanthauza chiyani kwathu, nanga kumeneko ankatanthauza chiyani? Kanjedza amene mwana wabwera naye kutchalitchi musamutaye. Mupindeni kukhala kamtanda, mumukoleke pakhoma mpaka Lachisanu.

Tsiku lomwelo dzalani nyemba. Ziviikeni m'madzi usiku wa Loweruka, Lamulungu mwana azikwirire yekha m'chitini chobowola pansi, azithirira pang'ono tsiku lililonse. Zikaviikidwa choncho, pofika Pasaka zimakhala zitatumphuka. Yesu mwini anapereka fanizo limeneli pa Yohane 12:24, za mbewu ya tirigu imene imagwa m'nthaka. Kwa ana okulirapo onjezani kuti ili ndi fanizo chabe: nyemba sinafe kwenikweni, koma Yesu anafadi.

Lachinayi madzulo ndi la bambo. Kwathu mwana ndiye amagwada ndi beseni ndi jagi kusambitsa akulu m'manja. Usiku umenewu zitembenuke. Bambo atenge beseni la madzi ofunda ndi thaulo, ana akhale pampando, bamboyo agwade pansi awasambitse mapazi mmodzimmodzi. Chaka choyamba abambo akunyumba kwathu anakana, amvekere, "Mayi, zimenezo anthu akamva adzati chiyani?" Ndinawatsegulira Yohane 13 n'kuwasiya awerenge okha. Atagwada, mdzukulu wamwamuna anabweza mapazi ake pansi pa mpando, akuti, "Ayi agogo, musandisambitse inuyo." Ndi mawu omwe Petro ananena, chonsecho mwanayo anali asanamve nkhaniyo. Tinamuwerengera pambuyo pake, mapazi ali onyowa. Ngati pakhomo palibe bambo, achite wamkulu aliyense amene ana amamuopa kwambiri. Mukatha, nyemani buledi mmodzi mugawane, muwauze kuti usiku womwewo Yesu anayambitsa Mgonero umene amaona akulu akudya kutchalitchi. Anenereni momveka kuti wa kunyumbawu si Mgonero, n'chikumbutso chabe cha nkhaniyo.

Lachisanu Loyera samalani ndi mafilimu. Masiku amenewa pa TV ndi m'mafoni mumadzaza zithunzi za Yesu akukwapulidwa, magazi ali chuchuchu. Mwana wa zaka 4 sapezamo chikondi cha Mulungu, amangotengamo mantha, usiku n'kumalota. Kwa wamng'ono mawu awa akwanira: anthu anamupha pamtanda ngakhale sanalakwe, zinamupweteka kwambiri, koma anawapempherera kuti Mulungu awakhululukire. Musamuloze chala kuti ndiwe unamupha ndi machimo ako. Ndinamvapo mphunzitsi wina akunena zimenezi kwa tiana ta nasale, ndipo kamodzi kanalira mpaka kutuluka panja. Chiphunzitso cha uchimo ndi choona, ndipo chili ndi nthawi yake. Wa zaka 7 kapena 8, amene akudziwa kale kuti kunama ndi kuba n'kulakwa, mungamuuze kuti Yesu anasenza chilango chimene chinali chathu. Mutchulireninso Simoni wa ku Kurene, mzinda umene unali m'dziko la Libya la lero, munthu wochokera ku Africa amene anasenza mtanda wa Yesu.

Alamu anga amakwera Njira ya Mtanda ya m'phiri la Michiru chaka chilichonse. Anandilangiza kuti ana aang'ono asapite Lachisanu lenilenilo chifukwa anthu amachuluka ndipo chitunda n'chachikulu. Pitani nawo tsiku lina mmawa, mutanyamula madzi, muime pa malo awiri kapena atatu oyambirira mwa malo okumbukira masautso a Yesu amene ali m'njiramo, mubwerere. Ine wa CCAP ndinapitako ndi adzukulu, ndipo kutopa kwa miyendo yawo kunawauza zambiri za ulendo wa ku Gologota.

Masana a Lachisanu timaumba manda. Tengani dothi lonyowa, ana aumbe kaphanga pa thireyi kapena pakona ya khonde. Dulani kamtengo kakang'ono, mukakulunge m'kansalu koyera, mwana akalowetse m'kaphangamo, atseke ndi mwala. Cha m'ma 3 koloko, ola limene Mauthenga Abwino akuti Yesu anamwalira, zimitsani wailesi, mukhale chete mphindi imodzi yokha. Loweruka musachite chilichonse. Mwana akafuna kusuzumira muletseni, mumuuze kuti ophunzira a Yesu nawonso anadikira ali ndi chisoni. Lamulungu dzukani kusanache, chotsani mwalawo, tulutsani kamtengoko mukabise, kansaluko mukapinde bwinobwino n'kukasiya m'katimo. Adzutseni ana muwatume okha akaone. Aloleni abwere akuthamanga kudzakuuzani, monga anachitira amayi aja, ndipo inu mufunse ngati simukudziwa: "Mwapeza chiyani?" Akadzakula pang'ono adzadziwa kuti mwalawo munachotsa ndinu, ndipo akafunsa vomerani, muwauze kuti wa ku Yerusalemu sunachotsedwe ndi munthu. Mukatero kaoneni nyemba zija. Ndi nyengo ya mondokwa ndi maungu, choncho chakudya cha chikondwerero sichisowa.

Pasaka wa 2023 anagwa pa 9 Epulo, pasanathe mwezi chichitikireni namondwe wa Freddy. Inu a ku Chilobwe, Manja ndi madera ozungulira Soche mukudziwa zimene zinatsika m'phirimo mu Malichi, madzi, matope ndi miyala. Ana ena a m'kalasi mwanga ankabwera kuchokera ku misasa ya m'masukulu, ndipo pa benchi panali mipata. Ndinaganiza zosiya kuumba manda chaka chimenecho, poopa kuti dothi ndi mwala ziwakumbutsa zambiri. Ndinafunsa makolo, ambiri anati tipitirize, ndipo amene sanafune ana awo sanaumbe nawo. Lamulungu tikuona mwala utachotsedwa, mnyamata wina wa zaka 7 sanakondwere ndi anzake. Anandikoka chitenje n'kufunsa chapansipansi: "Aphunzitsi, Yesu anauka tsiku lachitatu. Nanga mnzanga uja bwanji sanauke? Masiku atatu anakwana kalekale."

Funso lotere likadzakupezani, pali mayankho awiri amene timakonda kupereka pamaliro omwe simuyenera kuuza mwana. Musati Mulungu anamukonda kwambiri n'chifukwa chake wamutenga, chifukwa mwanayo adzayamba kuopa kukondedwa ndi Mulungu. Musangotinso wagona osafotokoza, chifukwa adzaopa tulo, kapena adzadikira kuti mnzakeyo adzuke mawa. Ine ndinagwada kuti maso athu alingane. Ndinamuuza kuti mnzakeyo anamwaliradi, sabweranso kudzasewera naye kuno, ndipo kulira n'kololedwa, pakuti Yesu nayenso analira pamanda a bwenzi lake Lazaro. Ndinamuuza kuti Yesu ndiye woyamba kuuka, ndipo analonjeza kuti adzaukitsa ake onse tsiku limene adzabwerenso. Anafunsa kuti liti. Ndinati tsikulo Yesu sanatiuze, koma mnzakoyo Yesu akumusunga, sanatayike m'matope muja. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati angatenge kansalu koyera kaja. Ndinamupatsa.

Lolemba la Pasaka ndi tchuthi, ndipo kuyambira chaka chimenecho ndimaligwiritsa ntchito motere. Timaphika mondokwa, adzukulu amanyamula m'kabeseni, ndipo timapita kukhomo limodzi kumene kunagwa maliro chakacho. Ana ndimawauziratu panjira kuti tikafika apereke moni atagwada, apereke chimangacho ndi manja awiri, akhale pamphasa mwakachetechete. Sitikhalitsa, theka la ola lakwana. Eni nyumba akalola timayimba nyimbo imodzi ya kuuka imene ana aiphunzira, wamkulu mwa anawo n'kupemphera mawu ake ochepa. Chitini cha nyemba zomera chija timachisiya komweko, pakhonde.